Denga la Mayiko Awiri

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi kachidutswa. Tinasiyana bwino, popanda kutukwanizana, ndipo mayeso ndiwo anali ankhoswe. Ndinabwerera kwathu ku Dambe ndi sutikesi, jekete imodzi yoyendera maliro ndi maukwati omwe, ndi phunziro limodzi lomwe linakana kutsala.

Phunzirolo linali la mphunzitsi wina wamtali amene ankadzaza bolodi ndi mivi. Ankalemba mtengo, muvi, mvula, muvi, mtsinje, muvi, munthu, kenako muvi wautali wobwerera ku mtengo kuja. Ankati palibe chinthu chochitika pachokha: ukakoka dzungu pano, masamba amagwedezeka kuseri kwa chulu. Ankatinso mavuto a chilengedwe sayenda ndi pasipoti, choncho mayiko oyandikana aziyang'ana mivi yonse pamodzi, osati aliyense kukumbatira muvi wake. Ine ndinkagwedeza mutu, ndikuganiza kuti zimenezo ndi za anthu a mataye okumana m'mahotela a kunja. Sindinkadziwa kuti zidzandipeza ndili ndi khasu m'manja, pankhani ya udzu.

Ndinakwatira kupitirira kwa Mkanda, m'mudzi wina wotsamira malire a Zambia, zaka zija matipate atangobwera, pamene mtengo uliwonse unali ndi komiti yake. Ndinalowa chikamwini. Mkamwini ali ngati njinga yobwereka: aliyense amaikwera, koma palibe amaifunsa maganizo.

Kuseri kwa mudziwo kuli mtunda wautali wa tchire. Pamwamba pake pali chipilala cha malire, chimene mbuzi za mayiko onse awiri zimadzikandapo msana. Mvula ikagwa kuno kwa chipilala imatsikira kwathu, ikagwa uko imapita kwawo. Madzi okha ndiwo amalemekeza boma. Moto, mbewa, ng'ombe ndi achibale zimangodutsa. Pamtunda pamenepo ndi pomwe pamamera udzu wofolera wa midzi ya mbali zonse ziwiri.

Ntchito yoyamba ya mkamwini ndi nyumba. Ndinaumba njerwa, ndinamanga zipupa, ndinayala phaso, ndipo odutsa ankati sukulu sinandiwonongeretu. Chinatsala ndi udzu basi.

Chaka chomwecho kunabwera bungwe lina losamalira zachilengedwe, la galimoto yoyera. Linakhazikitsa komiti yoteteza mtunda uja, ndipo wapampando anali amalume a mkazi wanga, mwini mbumba, munthu woyankhula pang'onopang'ono ngati woweruza wa kukhoti. Bungwelo linati pamtunda paja pasayatsidwe moto, ng'ombe zisadyepo, ndipo tilambule mpata woteteza moto motsata malire ndendende. Ntchito yawo inkathera pa chipilala. Kuseri kwake inali nkhani ya bungwe lina, ngati linaliko. Tinabzala mbande za mitengo, tinabzalanso chikwangwani.

Udzu unakula chaka chimenecho, munthu kulowamo osaoneka ndi chipewa chomwe. Unauma bwino m'nyengo yachisanu, amayi a m'mudzimo ananola zikwakwa, koma komiti inati tidikire kaye, alendo a ku Boma abwera kudzaujambula uli chiimire. Alendowo anazengereza. Kunali msonkhano, kenako galimoto inali ku galaja, kenako kunabwera akuluakulu ena. Dzuwa linakula. Tsiku lina masana tinangoona utsi, ndipo pofika madzulo mtunda wonse unali bii, kupatula chikwangwani, poti chinali chachitsulo. Alendo aja atafika anajambula chikwangwanicho.

Dzinja limenelo ine ndi mkazi wanga tinakhala m'khitchini ya apongozi anga aakazi. Mwambo umati mkamwini asamaonane maso ndi maso ndi apongozi ake. Kusunga mwambo umenewu ukugona m'khitchini mwawo si ntchito yamasewera. M'mawa uliwonse iwo ankakhosomola pakhomo, ine n'kutuluka cham'mbali ngati nkhanu, nkhope ili ku khoma. Nyumba yanga inkamwa mvula ili kukamwa yasa, ndipo m'chipinda chogona munamera bonongwe wabwino kwambiri, amene tinadyera ndiwo.

Mvula itatha, amalume anandiitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Akamwini," anatero, "nyumba ija taiona."

"Zikomo, amalume."

"Sindikuyamikira. Mwana wathu sanakwatiwe kuti azigona ndi mapoto a amayi ake. Mvula ikubwerayi ikapeza nyumba ija ilibe denga, njira ya ku Dambe mukuidziwa. Sutikesi yanu ikadali yolimba, ndaiona."

Ndinati ndamva. Ndinafuna kuwakumbutsa kuti amene anati tidikire alendo ndi iwo omwe, koma ndinakumbuka kuti ndine njinga.

Mkazi wanga ndinamuuza tikusenda mtedza. Nthawi imeneyo anali woyembekezera, atangoyamba kumene kudana ndi fungo la usipa. Sanasiye kusenda.

"Ine ku Dambe sindipita, kulibe dimba langa," anatero. "Komanso sindikufuna kuti inu mupite. Ndiye pezani udzu."

Komiti inakhala pansi kufufuza komwe moto uja unachokera, ndipo sinavutike. Unachokera ku Zambia. Umboni wake unali wakuti ku Zambia ndi kumene kumakhala anthu a ku Zambia. Inagamula kuti mpata uja ukulitsidwe, uzulidwe zitsa, usalazidwe. Ntchito yotere imagwera akamwini. Tinalima, tinasalaza, tinakwirira ndi maenje omwe, mpaka mpatawo unakongola kuposa msewu wopita ku Boma.

Ndili mkati mosalaza choncho ndi pomwe ndinayamba kuona mivi. Njinga yoyamba inandidutsa m'mawa, itasenza matumba a shuga. Ina inabwera ndi feteleza, kulowera kwinaku. Pofika masana ndinali nditatopa kupereka moni. Anthu a geni ya m'malire, amene kale ankang'ambitsa matayala m'tinjira taminga, anali atapeza msewu wopanda chitsa, wopanda wapolisi, wokonzedwa ndi akamwini mosapempha. Ndipo munthu wopalasa njinga yolemera akafika pamwamba pa chitunda amatsika, amapuma, amapichira chingambwe, amayatsa. Ena ankawotcha chinangwa pomwepo. Pafupi ndi chipilala ndinapeza mafuwa akuda a chaka chatha, udzu ukumera pakati pake.

Ndinajambula zonsezi pansi ndi kamtengo, kuseri kwa khitchini, n'kuitana mkazi wanga.

"Taonani, mayi. Tikuopa moto, ndiye tikulambula mpata. Mpata ukuitana njinga. Njinga zikubwera ndi machesi. Machesi akubweretsa moto. Moto ukatiwotcha, ife tikukulitsa mpata."

Anayang'ana nthawi ndithu. "Ndiye udzu uli pati pamenepa?"

"Uli pakatipa."

"Pakatipo ine ndikuona chitosi cha nkhuku."

Ankanena zoona.

Ndinapita nazo kwa amalume, nditanjuta mwaulemu, chipewa chili m'manja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndiwayamikire pamenepo.

"Akamwini, mukunena kuti komiti ndiyo ikuwotcha tchire?"

"Ayi, amalume. Ndikungoti muvi uwu ukabwerera apa..."

"Mivi yanu munaisiya ku koleji, ikhale komweko. Kuno tinakupatsani khasu."

Zikanathera pomwepo pakanapanda chiliza. Chimanga chitalowa m'nkhokwe, banja linamanga chiliza cha wachibale wina amene anamwalira ine ndisanabwere, ndipo achibale a kuseri kwa chipilala anabwera ambiri. Pakati pawo panali msuweni wa amalume, bambo wamfupi wa chipewa chachikopa, woweta ng'ombe. Pa chisuweni palibe wapampando. Munthu amene mudzi wonse unkamutsitsira mawu ankanyozedwa ngati mwana, iye n'kumangomwetulira.

Ine ndinapatsidwa udindo woyenera maphunziro anga, wotunga masese mumbiya ndi kuperekera akuluakulu. Choncho ndinali pafupi.

"Iwe wapampando wa phulusa," anayamba msuweniyo, "ndamva kuti manje uli ndi chikwangwani. Chimakoma ndi ndiwo zanji?"

"Funsa ana ako oyenda ndi machesi m'thumba," anatero amalume. "Munatiwotchera udzu. Ana athu akugona m'makhitchini."

"Ife? Tiyambire pati, pomwe kwathu kulibe ndi choti n'kupsa? Ng'ombe zako unazithamangitsa kuno, zikudya kwathu. Udzu wathu wofolera unathera m'mimba mwa ng'ombe za ku Malawi. Kotsalako kanapsa ndi moto wochokera pamsewu wako watala uja."

"Si msewu. Ndi mpata woteteza moto."

"Ukawauze a njinga. Ndipo mbewa zathu ubweze."

"Mbewa zanji?"

"Zonse zinasamukira kwanu. Kwathu tchire n'lometa, kwanu n'lowirira, mbewa si yopusa ngati iwe. Alenje athu amakumba tsiku lonse n'kupeza chabe kapuku mmodzi wodwala. Ndiye akazitsatira kwanu m'udzu wotalika choncho, ufuna azisake ndi tochi?"

Apa amalume anayang'ana m'chipanda mwawo. Chaka chimenecho mbewa zinali zitatha mtedza m'minda yathu, ndipo komiti inali itagamula kale kuti zimenezo n'zamatsenga.

Mivi yanga ija inali theka lokha, theka linalo linali m'chipewa chachikopa. Ndinakhosomola.

"Ndani uyu akukhosomolera mowa?" anafunsa msuweniyo.

"Mkamwini wathu. Anapita ku koleji kukaona mmene kulili."

"Oo, ndi uja wa nyumba yopanda chipewa? Yankhula, mwana wanga. Uyu akakuthamangitsa ubwere kwathu, makhitchini aliko."

Ndinagwada pansi n'kuyamba kujambula. Ulendo uno mivi inadutsa chipilala, chomwe ndinachiimiritsa ndi chitsononkho. Ng'ombe zathu kupita uko kukadya udzu wawo. Mbewa zawo kubwera kuno. Alenje kuzitsatira ndi moto. Njinga kudutsa pakati. Udzu wathu kudikira alendo mpaka dzuwa kuupsereza. Anthu anasonkhana. Mayi wina anaponda muvi wa ng'ombe, ndinaujambulanso. Nditamaliza ndinaimirira, n'kupereka chigamulo changa ndi ulemerero wonse wa munthu wosamaliza koleji: mpata uja utsekedwe.

Sindinaonepo mayiko awiri akugwirizana msanga ngati tsiku limenelo. Onse anakana. Zinapezeka kuti akazi a amalume ankagulitsa zigumu pa chipilala, akazi a msuweniyo ankagulitsapo thobwa, ndipo mchere ndi sopo wa m'nyumba zambiri, kuno ndi uko komwe, ankachokera pamsewu umenewo. Muvi umenewo ine sindinauone, ngakhale zigumuzo ndinkadya nawo.

Zotsatira zake sizinachokere pakamwa pa munthu mmodzi. Kunali phokoso. Amayi amene anali pamenepo anati iwo za mivi sakuzidziwa, koma udzu umwetedwe msanga, kusanatenthe, ndipo alendo akafuna chithunzi adzajambule mitolo. Wina anati m'mbali mwa msewu mutenthedwe dala kukadali chisanu, moto uli waulesi, kuti wa njinga akadzaponya fodya wake adzagwere pa lupsa. Eni ng'ombe anati ziweto zilowe udzu ukamwetedwa, mbali zonse. Osaka mbewa anafuna kukhala oyamba, anawaika kumapeto. Ine ntchito yanga inali kufufuta muvi ndi kujambula wina, ndi kukumbutsa aliyense kuti chimene wachotsa pano chikatulukira pena. Izi zinandidanitsa ndi anthu angapo, koma mivi inayamba kutsatana bwino.

Amalume anadikira phokoso lithe.

"Za ng'ombe sindikana," anatero. "Ng'ombe sidziwa kuwerenga chikwangwani. Koma lamulo la komiti likuti munthu wa mudzi uno asayatse moto pamtunda paja. Ndinalonjeza pamaso pa galimoto yoyera. Wapampando sangagwire machesi, ngakhale anthu ake."

Aliyense ankadziwa kuti amalume akanena choncho, ndiye kuti nkhani yaikidwa m'manda. Ine ndinayang'ana phaso la nyumba yanga, lomwe linkaoneka bwino lomwe kuchokera pamenepo, ndipo ndinayamba kuganiza za njira yachidule ya ku Dambe.

Msuweniyo iye ankayang'ana kwina, kumene adzukulu ankatsuka mafosholo a simenti.

"Chiliza chija wamanga ndiwe?" anafunsa.

"Usandifunse zachibwana. Mwini maliro sagwira khasu. Ndi ntchito ya adzukulu."

"Nanga? Ife tikhala adzukulu a tchire lako. Tidzayatsa ndife. Lamulo lako limathera pa chipilala, ndipo likugwira anthu a mudzi uno okha, wanena wekha. Iwe udzangobwera ndi nthambi kudzazima, nkhope ili yachisoni. Kwathu mudzayatse ndinu, nafenso tili ndi wa zankhalango wovuta ngati iwe, kungoti iye ndi wooneka bwino."

Amalume ndinawatungira masese osapemphedwa.

"Moto wochokera ku Zambia," anatero pang'onopang'ono, "komiti ikuudziwa kale."

Umenewo ndiwo unali mgwirizano wa mayiko awiri woyamba ndi wotsiriza umene ndinakhalapo. Unalengezedwa m'matchalitchi a mbali zonse ziwiri, pakati pa chilengezo cha ubatizo ndi cha kwaya.

Tinamweta kukuzizirabe. Amayi a kuno ndi a uko analowa pamtunda pamodzi, akuimba ndi kujedana, ine ndili pakati pawo ndi chikwakwa chobwereka. Koma popeza udzu wa kwawo unali utadyedwa ndi ng'ombe zathu, iwonso anafunika gawo pa udzu wathu. Muvi umenewu ndinaujambula ndekha ndi dzanja langa, ndipo unabwerera n'kundilasa ine ndemwe. Mitolo yanga itaunjikidwa pabwalo, mkazi wanga anaizungulira, dzanja lili m'chiuno.

"Iyi ifolera mbali imodzi," anatero. "Mbali inayo tizidzaonerera nyenyezi."

Tsiku lotentha, adzukulu athu anatulukira pa chipilala m'mawa, mame asanaume, ali pamzere ndi miuni ya udzu. Ife tinali kale pamenepo ndi nthambi zamasamba, mwangozi. Amalume anaima patali ndi nkhope yachisoni yokonzedwa bwino, moti mayi wina wodutsa anawapepesa. Moto unayenda mwaulesi monga tinanenera, kufikira pamene mphepo inasintha maganizo. Unalumphira ku mbande, zingapo zinapsa, pamodzi ndi nsidze zanga ndi mwendo umodzi wa buluku. Tinauzima. Pomaliza panali lamba wakuda m'mbali mwa msewu, kuchokera kumusi mpaka pamwamba. M'mawa mwake ife tinapita kukakhala adzukulu kwawo, ndipo msuweni uja analira mokweza kuposa mmene tinagwirizanirana.

Miyezi yotentha itafika, moto unayamba kangapo pafupi ndi chipilala, n'kufera pa lupsa. Mitengo yambiri inapulumuka. A galimoto yoyera atabwera anasangalala, anayamikira mpata woteteza moto, ndipo anati ukulitsidwenso. Amalume anati komiti iganizira.

Koma ine denga langa linali likadali theka, ndipo kumwamba kunali kutayamba kusonkhana timitambo tamwano. Ndinayenda m'midzi kufunsa udzu wotsala. Aliyense anali ndi nyumba, chigafa kapena nkhokwe yomwe inadikira zaka ziwiri. Sutikesi yanga inali pamwamba pa nsanja m'khitchini, ndipo ndinkaona ngati ikundiyang'ana.

Uthenga unabwera ndi munthu wa njinga, wa matumba a shuga. Anati bambo wa chipewa chachikopa akuti mkamwini wopanda nsidze apite.

Ndinawapeza ali pakhola. Analoza therezi la miyala kumusi kwa mtunda, mbali yawo.

"Pamenepo ng'ombe za amalume ako zinalephera kukwera, n'zonenepa kwambiri ndi udzu wathu. Moto wa adzukulu sunafikeponso. Kamwete. Ndi waufupi, koma sudontha ukaupanikiza. Ukamuuze wapampando kuti mbumba yake ikufunda Zambia."

Ndinamweta ndekha, ndikutsetsereka pamiyala, udzu wofiirira wofika m'chiuno. Ndinaututa panjinga, ulendo ndi ulendo, kudutsa mumsewu womwe uja ndinkafuna kuti utsekedwe. Ndivomereze kuti ndi msewu wabwino, amene anausalaza ankaidziwa ntchito. Pa chipilala ndinkatsika, ndinkapuma, ndinkadya chigumu. Sindinayatsepo kanthu.

Ndinafolera mbali yakum'mawa ndi udzu wautali wa ku Malawi, yakumadzulo ndi waufupi wa ku Zambia, n'kuzilumikiza pamwamba mmene ndinathera. Tinasamuka. Apongozi anga analandira khitchini yawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire pamudzipo ndinawamva akuyatsa moto m'mawa popanda kukhosomola.

Mvula yoyamba inagwa masana. Itangolimba, ndinamva odi pakhomo. Anali amalume, ndi ambulera. Analowa, anaipinda, anakana mpando. Anaima pakati pa nyumba n'kuyang'ana kumwamba. Ine ndinaima pakona. Mkazi wanga, amene tsopano ankadzuka mogwira khoma, anakhala pamphasa.

Mbali yakum'mawa inali youma. Yakumadzulo inali youma. Ndiye pamwamba penipeni, pokumana udzu wautali ndi waufupi, panatuluka dontho. Linakula, linaganiza, n'kugwera paphewa pa wapampando. Linatsatira lina. Mkazi wanga anakankhira beseni pamenepo ndi phazi.

"Pakudontha," anatero amalume.

"Ee, amalume. Ndi polumikiza."

Anasuntha pang'ono n'kumvetsera madontho akugwera m'beseni. Ine ndinali nditayamba kale kunyamula sutikesi yanga mumtima.

"Udzu wa ku Zambia ndi waufupi ngati eni ake," anatero. Anatambasula ambulera akadali m'nyumba. "Chaka chamawa mudzamwete msanga, mudzakonze pamenepa. Chaka chinacho mudzaganize zomanga khitchini yanuyanu. Ya eni ake ija mwaikhalitsa."

Anatuluka.

Mvula inapitirira. Mkazi wanga anati ndimutsitsire sutikesi. Anatulutsa jekete n'kuipachika pamsomali, ndipo m'sutikesimo anathiramo mtedza wambewu, chifukwa mbewa zinali zitayamba kale kuyendera denga latsopanolo. Sindinafunse kuti zinali za dziko liti.